Mwana Wopita Kukaphunzira Kutali ndi Ngongole ya Kwawo

KHUTBA YOYAMBA

Timtamanda Allah, Mwini ulemerero wonse, amene anayala dziko lapansi naikamo njira za pamtunda ndi za panyanja, nampatsa munthu miyendo yoyendera, nzeru zophunzirira ndi mtima wokumbukira kumene anachokera. Tikuikira umboni kuti palibe woyenera kupembedzedwa mwachoonadi koma Allah yekha, ndipo tikuikira umboni kuti Muhammad ndi kapolo wake ndi Mtumiki wake. Madalitso ndi mtendere wa Allah zikhale pa iye, pa akubanja lake, pa maswahaba ake ndi pa onse owatsatira mpaka tsiku la Qiyama.

Pambuyo pa izi, akapolo a Allah, tikudzilangiza tokha poyamba, kenako inu, kuti timuope Allah poyera ndi mseri, kwathu ndi kwa eni.

Abale athu olemekezeka, m'mwezi umodzi womwewu anthu awiri anatipeza pakhonde la mzikiti, aliyense ndi funso lake, ndipo mafunso awowo ndi amene abala khutba ya lero. Woyamba ndi bambo wachikulire. Mwana wake anapita ku Portugal kukaphunzira za udokotala, anamaliza, anapeza ntchito m'chipatala cha komweko, ndipo tsopano patha zaka 7 asanapondeko kuno. Ndalama amatumiza mwezi ndi mwezi, nyumba anaifolera ndi malata, koma amayi ake akudwala ndipo nkhope yake amaionera pa foni. Bamboyo anatifunsa kuti, “Shehe, kodi mwana wangayu sakuchimwa?” Wachiwiri ndi mnyamata amene anabwerako ku Algeria ndi digiri ya uinjiniya. Anabwerera ndi mtima wonse wofuna kumanga kwawo. Wayenda m'maofesi zaka zitatu atakwapatira envulopu ya zikalata zake, ndipo lero amagulitsa timaloko ndi machaja a foni pamsika. Mnzake wamuitana ku Johannesburg. Iye anatifunsa kuti, “Shehe, ndikapita osabwerako, kodi Allah adzandiwerengera m'gulu la othawa?”

Funso lawo ndi limodzi, kungoti wina waliona ali tsidya lino, wina ali pakhomo lotulukira. Kodi munthu amene waphunzira kutali ali ndi ngongole kwa ndani, ndipo ngongoleyo amaibweza motani?

Tiyambe ndi chimene chilibe mkangano. Kuyenda ulendo chifukwa cha maphunziro ndi ntchito yolemekezeka m'Chisilamu. Mu Surat Al-Kahf, imene ambiri mwa ife timawerenga tsiku ngati lino, timapeza Mneneri Musa, mtendere ukhale pa iye, akuyenda mpaka kutopa ndi njala pofunafuna kapolo wa Allah amene ankadziwa zimene iye sankadziwa. Mneneri amene Allah analankhula naye sanachite manyazi kukhala wophunzira kudziko lachilendo. Imam Al-Bukhari anabadwira ku Bukhara m'chaka cha 810, anachoka kwawo ali mnyamata wa zaka pafupifupi 16, nayenda ku Makka, ku Madina, ku Basra, ku Baghdad ndi ku Egypt kusonkhanitsa Hadith. Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, analamula Zayd bin Thabit kuti aphunzire malembedwe a Ayuda kuti aziwerenga ndi kuyankha makalata. Pa nkhondo ya Khandaq, nzeru yokumba ngalande imene inateteza Madina inachokera kwa Salman, yemwe anaiona kwawo ku Persia, ndipo Mtumiki sanaikane chifukwa choti inali yachilendo. Choncho kholo lisamuletse mwana, wamwamuna kapena wamkazi, poganiza kuti kuphunzira ku Coimbra, ku Cairo, ku Istanbul, ku Moscow kapena ku Brazil n'kusiya njira ya Allah. Chimene chimasocheretsa munthu n'chimene wanyamula mumtima, chifukwa osochera alipo ngakhale pakati pa amene sanawolokepo mtsinje wa Lugenda.

Koma maphunziro ndi amana, chinthu chosungitsidwa, ndipo chosungitsidwa chili ndi mwini wake. Tiyeni titenge satifiketi ya mwana wathu wa ku yunivesite, tiitembenuze, tiwerenge maina amene sanalembedwepo. Pali mayi amene ankadzuka Fajr isanakwane kukazinga mandasi kuti apeze ndalama ya makope. Pali bambo amene anagulitsa mbuzi zake imodzi imodzi, kenako njinga, kuti pasipoti ndi tikiti zipezeke. Pali mlongo amene analekera sukulu panjira chifukwa ndalama sizikanakwanira ana awiri. Pali mphunzitsi amene anamuphunzitsa kulemba zilembo pansi pa mtengo wa mango, ndi mwalimu wa madrassa amene anamuyambitsa alif ndi baa popanda malipiro. Ndipo ngati anapita ndi bolsa ya boma, pali mlimi wa fodya wa ku Angónia, msodzi wa usipa wa ku Metangula ndi mayi wogulitsa tomato ku Mandimba, amene msonkho wawo unamulipirira popanda iwo kumudziwa dzina. Surat Al-Qasas imatiuza za Qarun, amene atauzidwa kuti achitire anthu zabwino monga mmene Allah anamuchitira, anayankha modzitama ngati kuti chuma chake chonse chinabadwa m'nzeru zake. Mapeto ake timawadziwa: nthaka inamumeza pamodzi ndi nyumba yake. Wophunzira aliyense amene amati “ndinavutika ndekha” wayamba kale kulankhula chilankhulo cha Qarun, ngakhale atakhala kuti sanaphonyepo Swala.

Tsono pali zifukwa zolemera zonena kuti wopita abwerere. Mu Surat At-Tawba, ndime ya 122, Allah akuika dongosolo lomveka: anthu asapite onse, koma pagulu lililonse papite ena kukazama m'maphunziro a chipembedzo, n'cholinga choti akabwerera adzachenjeze anthu awo. Kupita ndi kubwerera zatchulidwa m'ndime imodzi. M'Hadith yoona imene anailandira Al-Bukhari ndi Muslim, Malik bin Al-Huwayrith akufotokoza kuti iye ndi achinyamata anzake anakhala ndi Mtumiki masiku 20 akuphunzira. Mtumiki ataona kuti anyamatawo apukwa kwawo, anawafunsa za amene anawasiya, kenako anawalamula kuti abwerere kwa abale awo, akakhale nawo ndi kuwaphunzitsa. Taganizirani, abale: panalibe malo abwino padziko lapansi oposa kukhala pafupi ndi Mtumiki ku Madina, komabe iye anawabweza kumudzi.

Ena adzati ndimeyo ikunena za maphunziro a chipembedzo okha. Imam Al-Ghazali, yemwe anamwalira m'chaka cha 1111, anafotokoza m'buku lake la Ihya kuti udokotala ndi masamu ndi faradhi kifaya, kutanthauza udindo wogwera mudzi wonse: akaugwira ena okwanira, onse apepukidwa, koma akausiya onse, tchimo ligwera onse amene akanatha. Anadandaulanso kuti mizinda yambiri ya Asilamu inadzaza ndi okangana pa nkhani zing'onozing'ono za fiqh pamene munalibe Msilamu wodziwa kuchiza. Dandaulo limenelo silinakalambe. Tonse timadziwa mayi woyembekezera amene ananyamulidwa pa njinga usiku kupita ku posto de saúde kumene kunalibe womuchita opaleshoni. Timadziwa milatho imene imakokoloka mvula iliyonse, ndi minda imene ikutha nthaka. Damu la Cahora Bassa lili m'dziko lathu, malasha a ku Moatize ali m'dziko lathu, nyanja ya Niassa ili pakhomo pathu. Ngati ana athu onse odziwa za magetsi, za migodi, za madzi ndi za mankhwala akhazikika ku Lisboa ndi ku Dubai, faradhi imeneyi adzaigwira ndani?

Mbiri ya dziko lino ili ndi chitsanzo chimene tonse tinaphunzira kusukulu. Eduardo Mondlane sanali Msilamu, koma chabwino timachitenga kulikonse kumene chapezeka. Anaphunzira ku South Africa, ku Lisboa ndi ku America, anapeza udokotala wa maphunziro ku Northwestern University, anagwira ntchito ku United Nations, naphunzitsa ku Syracuse University. Anali ndi zonse zimene wophunzira wa kunja amazilota. Anazisiya napita ku Dar es Salaam, kumene FRELIMO inakhazikitsidwa m'chaka cha 1962, ndipo anaphedwa komweko pa 3 February 1969 asanaone ufulu wa 1975. Akanasankha mpando wake wa ku America palibe akanamuimba mlandu, koma mbiri yathu ikanakhala ina.

Tikanaimira pamenepa, bambo uja akanapita kwawo ndi chigamulo chakuti mwana wake ndi wochimwa. Koma chilungamo chimatilamula kumva mbali inayo, ndipo nayonso ili ndi umboni wake.

Imam Ash-Shafi'i, amene Asilamu ambiri a dziko lino timatsatira madhhab ake, anabadwira ku Gaza m'chaka cha 767, anakulira ku Makka, anaphunzira kwa Imam Malik ku Madina, anagwira ntchito ku Yemen, anaphunzitsa ku Baghdad, ndipo anamwalirira ku Egypt m'chaka cha 820. Manda ake ali ku Cairo, kutali ndi kumene unagwera mchombo wake. Kodi tingamutche wothawa, pamene udhu umene tachita lero tauchita motsatira zimene iye anaphunzitsa ali kwa eni? Mneneri Yusuf, mtendere ukhale pa iye, anatumikira m'boma la Egypt, anasunga nkhokwe za mtundu wachilendo, ndipo njala itafika kwawo, chakudya cha m'nkhokwe zomwezo n'chimene chinapulumutsa bambo ake ndi abale ake. Iye sanabwerere kwawo, anaitanitsa makolo ake kumene anali. Maswahaba amene anasamukira ku Habasha anakhala pansi pa mfumu ya Chikhristu, ndipo Ja'far bin Abi Talib anafika ku Madina patatha zaka zoposa khumi, pa nthawi ya Khaybar, ndipo Mtumiki anamulandira ndi chimwemwe chachikulu. Dziko lonse ndi la Allah, ndipo malire amene timadindira pasipoti anaikidwa ndi anthu.

Komanso tisabise kuti kubwerera nthawi zina kwawapweteka ana athu. Akuluakulu akukumbukira antchito amene anapita ku East Germany kuyambira 1979, amene timawatcha Madjermane, omwe anabwerera cha m'ma 1990 ndipo akhala akuguba ku Maputo zaka zambiri kufunsa gawo la malipiro awo limene analonjezedwa kuti adzalipeza kwawo. Akukumbukiranso ana mazanamazana amene anapita ku sukulu ya ku Stassfurt m'chaka cha 1982, nabwerera n'kupeza dziko lili pankhondo ndipo luso lawo lilibe pogwira. Lero mwana amabwera ndi digiri, amadikira equivalência, amafunsira ntchito, kenako amamva mawu oti “pamafunika kenakake”, kapena amaona mpando ukupatsidwa kwa mphwake wa bwana. Kodi ndi chilungamo kuti ife amene tatseka chitseko ndi ziphuphu ndi tsankho, ndife omwe tiziimba mlandu wogogoda amene watopa n'kubwerera? Sitingatche haramu chimene Allah sanachitche haramu. Kukhala ndi kugwira ntchito kudziko lina, kumene munthu angathe kuonetsa chipembedzo chake ndi kudya za halali, n'kololedwa.

Nanga tsono tiime pati? Kusokonezeka kwathu kumabwera chifukwa timasonkhanitsa ngongole zinayi m'thumba limodzi, pamene iliyonse ili ndi malamulo ake. Tiyeni tizilekanitse.

Ngongole yoyamba ndi ya kwa Allah, ndipo imeneyi siisintha ndi dziko. Qibla imapezeka ku Porto monga imapezekera ku Lichinga. N'zoona kuti kumeneko kulibe adhana wokudzutsa, Lachisanu ndi tsiku la mayeso ndi ntchito, m'nyengo yozizira Dhuhr, Asr ndi Maghrib zimathamangitsana, ndipo Ramadhan ikagwa m'chilimwe cha kumeneko usana umatalika kwambiri. Koma mayeso enieni ndi akuti kulibe amalume okuona. Yusuf anaitanidwa ku tchimo zitseko zili zotseka, ali mlendo wopanda womuneneza, ndipo anathawira kwa Allah. Mwana wathu adziwe kuti chiphunzitso chimene chimagwira ntchito pokhapokha pali mboni ndi mantha a anthu chabe. Ndipo pali mbiri imene iyenera kulimbitsa mtima: Comunidade Islâmica de Lisboa inakhazikitsidwa m'chaka cha 1968 ndi kagulu ka Asilamu, ambiri mwa iwo ophunzira, motsogozedwa ndi Suleiman Valy Mamede wobadwira ku Mozambique konkuno, ndipo mzikiti waukulu wa ku Lisboa unatsegulidwa m'chaka cha 1985. Ophunzira amenewo atasowa mzikiti sanasiye Swala, anayamba jamaa. M'ngongole yomweyi muli kuona mtima pa maphunziro ndi pa ntchito. Kugula tese yolembedwa ndi wina, kubera mayeso, kukhala ndi zikalata zabodza, kukwatira ukwati wa papepala pofuna chilolezo chokhalira, zonsezi n'chinyengo, ndipo dokotala amene anabera mayeso adzabera wodwala moyo.

Ngongole yachiwiri ndi ya pangano. Surat Al-Ma'ida imayamba ndi lamulo lokwaniritsa mapangano. Ngati mwana anasaina kuti akamaliza adzabwera kudzatumikira zaka zakutizakuti, kapena ngati jamaa inasonkha ndalama pomvana kuti adzabwera kudzaphunzitsa, pamenepo palibenso kusinkhasinkha. Abwere akwaniritse, kapena apemphe kumasulidwa poyera ndi kubweza zimene anawononga. Kusowa osatsanzika n'kudya amana, ndipo kumatsekera njira ana ena amene akanapatsidwa bolsa pambuyo pake.

Ngongole yachitatu ndi ya makolo, ndipo imeneyi ndi faradhi ain, udindo wa munthu payekha umene wina sangamusenzere. Munthu wina anapempha Mtumiki chilolezo chopita kunkhondo, Mtumiki anamufunsa ngati makolo ake ali moyo, ndipo atamva kuti alipo anamubweza kuti khama lake akalichite powatumikira. Uways Al-Qarni wa ku Yemen sanaonane ndi Mtumiki chifukwa chosamalira amayi ake, ndipo Mtumiki anamutchula ndi ulemu waukulu. Ndalama ndi gawo la ngongole imeneyi, ndipo wotumiza asanyozedwe. Koma M-Pesa singamutembenuze wodwala pamphasa, singamugwire dzanja popita kumzikiti, singamunong'oneze shahada pa ola lomaliza. Ibn Battuta anachoka ku Tangier m'chaka cha 1325, anaona dziko kuposa anthu a nthawi yake, anafika mpaka ku Kilwa kugombe lathu la kum'mawa, koma atabwerera patatha zaka 24 anapeza bambo ake anamwalira kalekale ndipo amayi ake angomwalira kumene. Ife amene taima pa mimbari iyi sitikulankhula zakumva. Nkhondo itatha mu 1992 tinapita kukaphunzira Chiarabu ndi Sharia kutali. Masiku amenewo kalata inkayenda miyezi. Kalata yotiuza kuti amayi akudwala ndi kalata yotiuza kuti anaikidwa kale zinatipeza tsiku limodzi. Zimene tinaphunzira kumeneko tikuthokoza nazo Allah, koma palibe satifiketi imene yatseka dzenje limenelo. Inu ana a lero muli ndi foni ndi ndege, chowiringula chanu n'chochepa kuposa chathu. Makolo akakhala ndi mphamvu, ali ndi owasamalira ndipo avomera ndi mtima woyera, khalani ndi mtendere, muziwayendera. Koma akafooka ndipo akukufunani, kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Momwemonso amene anasiya mkazi ndi ana, asamuike mkazi m'malere zaka ndi zaka, wosakhala pabanja komanso wosamasulidwa. Amutenge, kapena abwere, kapena amumasule mwaulemu.

Ngongole yachinayi ndi ya mudzi ndi dziko, ndiyo faradhi kifaya ija. Imeneyi ili ndi njira zambiri zobwezera, ndipo kulemera kwake kumakula molingana ndi kusowa kwa anthu ndi kuthekera kwa munthuyo. Amene luso lake likusowa kwambiri kuno, ndipo khomo lamutsegukira loti adyetse banja lake mwa halali ngakhale malipiro ndi ochepa, kubwerera n'kwabwino kwa iye, ndipo tikuopa kuti adzafunsidwa akakana chifukwa cha galimoto ndi nyumba yokongola basi. Amene wagogoda moona mtima ndipo zitseko zatsekedwa, apite, alibe tchimo. Koma apite ndi ngongole yake m'thumba. Aphunzitse mwana wa mlongo wake uja amene analekera sukulu chifukwa cha iye. Atsegulire ena njira ya bolsa. Akabwera patchuthi, dokotala apatule masiku oona odwala, mphunzitsi akhale ndi ana a sekondale, injiniya aone chitsime cha mudzi. Funso limene aliyense adzifunse pamaso pa Allah ndi ili: kodi alipo munthu kwathu, kupatula a m'nyumba yanga, amene moyo wake wapepuka chifukwa choti ine ndinaphunzira? Ngati yankho ndi ayi patatha zaka khumi, ndiye kuti maphunzirowo ali ngati nkhokwe yodzaza imene mwini wake anataya makiyi.

Tanena mawu athuwa, ndipo tikupempha chikhululuko kwa Allah pa ife ndi pa inu. Mpempheni chikhululuko, pakuti Iye ndi Wokhululuka, Wachisoni.

KHUTBA YACHIWIRI

Timtamanda Allah pa mtendere wake umene sitingathe kuuwerenga, ndipo tikupempha madalitso ndi mtendere pa Mtumiki wake Muhammad, akubanja lake ndi maswahaba ake.

Abale athu, ana amene takhala tikuwanena ambiri sali mumzikiti muno. Amene muli muno ndinu makolo, amalume, azichimwene ndi olemba anthu ntchito. Si bwino kuti tiziweruza amene palibe n'kudzisiya tokha, pakuti nafenso tili ndi ngongole kwa iwo.

Choyamba, tisamusandutse mwana munda wokolola. Ambiri mwa ife timaganiza kuti amene wakwera ndege wafika pamtengo wa ndalama. Sitidziwa kuti bolsa imachedwa, lendi ya kachipinda kamodzi imadya theka la zimene ali nazo, ndipo m'maiko ambiri chilolezo cha wophunzira chimamuikira malire a maola ogwira ntchito. Mwana amatsuka mbale usiku, m'mawa ali m'kalasi, ndipo foni ikaitana kuchokera kumudzi mtima umagunda chifukwa akudziwa kuti ndi pempho lina. Ena asiya sukulu kuti akwanitse zofuna zathu. Ena alowa ngongole za riba, ena ntchito za haramu, ena amajambulitsa pafupi ndi galimoto ya eni kuti tisawaseke. Pa mafoni khumi amene timamuimbira, angati amene timangofunsa kuti, “Mwanawe, wadya? Waswali? Uli ndi anzako abwino?” Kusungulumwa kwa kwa eni kumadwalitsa maganizo, ndipo amene wadwala motero afunika dua, chifundo ndi chipatala, osati kunenedwa kuti iman yake ndi yochepa. Amene walephera n'kubwerera chimanjamanja timulandire. Kuopa kusekedwa kwasunga ana ambiri m'mavuto kumene akanatha kuchokako.

Chachiwiri, tifufuze tisanatumize. Si aliyense wobwera ndi lonjezo la bolsa kapena ntchito amene ali woona. Tifunse dzina la sukulu, tione kalata yake, tifunse ku maofesi a boma oyang'anira maphunziro ndi kwa mashehe odziwika, tilankhule ndi amene anaphunzirako. Taona kuyambira mu 2017 mmene malonjezo okoma anakokera achinyamata ena ku magazi a ku Cabo Delgado, magazi amene Chisilamu chili kutali nawo. Taonanso ophunzira a mu Africa akuthawa nkhondo ku Ukraine mu 2022 ndi ku Khartoum mu 2023. Mwana akapita, alembetse ku embasy ya dziko lake, ndipo kholo lidziwe kumene akugona.

Chachitatu, tiwakonzere pofikira. Inu amene Allah anakupatsani mpando, sitolo kapena kampani, kupereka ntchito kwa wachibale wosadziwa n'kusiya mlendo wodziwa ndi kuphwanya amana, ndipo kulandira chiphuphu n'kudziitanira temberero. Tisanadandaule kuti madokotala athu ali kunja, tidzifunse kuti ndi angati amene tinawathamangitsa ndi manja athu.

Kwa inu amene mwabwerako, mawu athu ndi awa. Bwerani ndi maphunziro, kudzikweza mukusiye pabwalo la ndege. Amene wabwera ndi udokotala asaiwale kukhala pamphasa ndi kulonjera m'chilankhulo cha amayi ake. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Amene wabwera kuchokera ku Madina kapena ku Al-Azhar akumbukire kuti mashehe okalamba amene akuwaona ngati osadziwa ndi amene anasunga Qur'an m'midzi muno m'nthawi ya atsamunda ndi m'nthawi ya nkhondo, akulemba pa matabwa ndi inki yopanga okha. Ngati pali cholakwika, akonze mwaulemu, ndi umboni, pang'onopang'ono. Mzikiti wogawanika pakati si chipatso cha maphunziro. Nafenso akuluakulu tisakane choonadi chifukwa chabwera ndi mwana, pajatu mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa.

Bambo uja tinamuuza kuti mwana wake sakuchimwa pochiza odwala a ku Portugal, chifukwa wodwala aliyense ndi cholengedwa cha Allah, koma kudwala kwa amayi ake kwasintha chigamulo. Tinamupempha kuti asiye kulankhula mokuluwika ndi kunena kuti “tili bwino” pamene sali bwino, amuuze poyera kuti, “Amayi ako akukufuna, bwera.” Ana ambiri sabwera chifukwa timawabisira. Mnyamata uja tinamuuza kuti apite ndi zikalata zoona ndi madalitso a makolo ake, alembe niya yake papepala, aziiwerenga Ramadhan iliyonse, ndipo m'miyezi imene yatsala asanachoke aziphunzitsa masamu ana a madrassa yathu pambuyo pa Asr. Wayamba kale sabata ino, ndipo makolo amene muli ndi ana a mayeso muwatumize.

E Allah, sungani ana athu amene ali kwa eni, muwasungire chipembedzo chawo, matupi awo ndi maganizo awo. E Allah, apatseni maphunziro othandiza, rizq la halali ndi anzawo abwino. E Allah, fewetsani mitima yawo pa makolo awo, ndipo fewetsani mitima ya makolo pa iwo. Atsegulireni makomo amene abwerera n'kusowa pogwira. Chizani odwala athu, khululukirani makolo athu amene anatisiya, makamaka amene anamwalira maso ali kunjira. E Allah, dzetsani mtendere ndi chilungamo m'dziko lathu la Mozambique ndi m'maiko onse, ndipo mutisonkhanitse ife ndi ana athu m'Jannah, kumene kulibe kutsanzikana. Amin.

Imirirani tiswali.